Miyezi Imene Ndinkatsuka Matope Pakati pa Nyanja

Ku Rivirivi sindinachokeko chifukwa chokonda maulendo iyayi. Unandithamangitsa ndi mtsinje, dzuwa n'kudzamalizitsa. Chaka choyamba madzi anabwera ofiira, atanyamula mitengo, mbuzi ndi zitseko za anthu, ndipo munda umene ndinkalima kwa akazi anga, poti ine ndine mkamwini, unadulidwa pakati. Pamene panali mizere ya chimanga panatsala chigwembe chakuti munthu akalowamo saoneka ndi mutu womwe. Chaka chotsatira tinadzala kambali kotsalako. Mvula inagwa kawiri n'kuleka, chimanga n'kupserera chisanafike m'chiuno.

Tinadya madeya, madeya n'kutha. Tinayamba kuphika mango aawisi. Tinali ndi ana atatu: Lusiya, wa zaka khumi ndi zisanu, amene anali sitandade eyiti, ndi alongo ake aang'ono awiri. Tsiku limene ndinaona wamng'ono kwambiri akunyambita dothi la pachulu, ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita ku Mozambique. Alamu anga a Bizweki, achimwene a mkazi wanga, amene ndiwo eni mbumba, anandiperekeza mpaka pamsewu. "Pitani alamu," anatero. "Mbumbayi ndi yanga, ndiiyang'anira." Kwa Lusiya ndinanena chinthu chimodzi chokha, kuti sukulu asasiye, zivute zitani.

Ndinakwera sitima pa Balaka. Pa Nayuchi m'pamene ndinakumana ndi Che Saidi, msodzi wa ku Chiuta, wamfupi, wa kachipewa koyera kamene kanali katayamba kuda. Anaona kuti ndikumuyang'ana akutafuna chinangwa chouma, ndipo anachithyola pakati osandifunsa dzina. Iye anathawa nyanja yaphwa. Ankati ngalawa yake anaisiya itakhala pamatope osweka ming'alu, patali ndi madzi. Kuyambira pamenepo tinayenda awiri mpaka ku doko la Nacala. Iye ankamva Chimakuwa ndi Chipwitikizi chapatalipatali, ndiye pakamwa panga panali iyeyo.

Padoko tinagwira ganyu yonyamula matumba, tikugona m'shedi ya malata anthu oposa amene shediyo ikanatha kusunga. Kenako kunabwera kapitawo wina wofuna anthu amphamvu okagwira ntchito pachombo. Mapepala sanafunse. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti kusafunsa mapepalako ndiko kunali msampha, chifukwa munthu wopanda mapepala alibe kokadandaula. Kapitawoyu tinamupatsa dzina loti Mawamawa, poti chilichonse ukamupempha yankho linali loti mawa. Ndinamupempha nambala ya foni ya ku ofesi yake ya padoko, n'kuitumiza kwa mkazi wanga kuti kukachitika kanthu azinena kumeneko. Anavomera akumwetulira.

Boti linatitenga masiku awiri kulowera kumwera, mpaka mtunda unasowa. Ndinasanza zonse zimene ndinali nazo m'mimba. Che Saidi ankangondiseka. "Achimwene, musayang'ane madzi. Yang'anani kutali, kumene kumwamba kwakumana ndi nyanja." Zinathandizadi.

Chombocho chinali chachikulu kuposa msika wa Balaka, chili ndi nsanja yachitsulo pakati. Ntchito yake inali kubowola pansi pa nyanja kufuna gasi. Mapaipi ankalumikizidwa, kulumikizidwa, kutsika kupyola madzi onsewo n'kuyamba kulowa m'nthaka. Matope amene ankapopera m'dzenjemo ankabwerera kumwamba atanyamula tizidutswa ta miyala imene chobowolera chaphwanya, n'kudutsa pa masefa akuluakulu onjenjemera. Ine ndi Che Saidi malo athu anali pamasefa pamenepo. Paipi ikatsika mlingo wakutiwakuti, timatapa tizidutswato, kutitsuka mpaka titayera, kutiika m'timatumba, kulemba nambala ya kuya kwake, n'kupereka kwa akatswiri. Maola khumi ndi awiri uli chiimire, phokoso lili m'mutu, mankhwala a m'matope akusupula khungu la m'zala. Azungu ndi akatswiri ankasinthana mwezi ndi mwezi, helikopita kubwera kudzawatenga. Ife a Mawamawa tinalibe tchuthi. Netiweki kunalibe, ndipo foni ya mu ofesi ya pachombo sinali yogwira anthu ngati ife. Ndalama zakunyumba tinkatumiza kudzera ku ofesi ya padoko ija.

Chimene chinkandiwawa koposa zala chinali chakudya. Nkhuku, mpunga, buledi, nsomba, zipatso zimene dzina lake sindilidziwa mpaka pano. Zotsala ankazigaya n'kuzithira m'nyanja, mbalame ndi nsomba n'kumalimbirana. Tsiku lina ndinaima n'kumaonerera mpunga wokwana kudyetsa mudzi wathu wonse ukupita m'madzi, ndipo ndinatukwana mokweza m'Chichewa, poganiza kuti palibe angamve.

"Mukutukwana ndani, bambo?"

Nditacheuka ndinaona mayi wovala chipewa cholimba ngati chathu, koma ovolosi yoyera bwino. Anali mmodzi wa akatswiri a miyala, amene tinkawapatsa timatumba tija. Onse ankawatchula Dona Lurdes. Kwawo kunali ku Angonia, ndiye Chichewa chawo chinali ngati cha ku Ntcheu. Ndinachita manyazi, koma iwo anangoseka n'kufunsa kwathu. Nditati ku Rivirivi, anati, "Rivirivi amathira mu Shire, si choncho? Shire mu Zambezi. Ndiye kuti mukutsuka dothi la kwanu."

Ndinkayesa akundinyoza. Koma tsiku lina masana chobowolera chitawonongeka, anatiitana ine ndi Che Saidi m'kachipinda kawo. Pakhoma panali chipepala chachitali chokhala ndi mizere yakuda ndi yoyera, yosanjikizana, ina yokhuthala, ina yopyapyala. Anati chimenecho ndi chithunzi cha nthaka ya pansi pa nyanja, ngati kuti waidula ndi mpeni n'kuiyang'ana cham'mbali. Ndinazindikira msanga, chifukwa m'khoma la chigwembe cha m'munda mwanga ndinali nditaona zotere: dothi lakuda pamwamba, lofiira pansi pake, kenako nsangalabwi.

"Kalekale, anthu kusanakhale," anatero Dona Lurdes, "dziko lathuli linali lophatikana ndi maiko ena. Linang'ambika, nyanja n'kulowa pakati. Kuyambira pamenepo gombe lino lakhala phee, m'mphepete muno mulibe maiko akukankhana. Koma pansi pano pamatitimira pang'onopang'ono ngati beseni, ndipo chilichonse chimene mitsinje yakokolola kumtunda chimadzathera m'besenimu, chatsopano pamwamba pa chakale. Tikamabowola, ndiye kuti tikubwerera m'mbuyo."

Analoza mzere wokhuthala kwambiri. "Apa ndi pamene kumtunda kunatukuka. Mtunda umakwera, bambo, ngakhale munthu sangaone ndi maso. Ukakwera, mitsinje imathamanga, imakumba mozama, imagumula mapiri. Ndiye kuno kumafika mchenga wambiri pakanthawi kochepa. Kumtunda kukakhala bata, kumafika matope osalala okhaokha, pang'onopang'ono. Onani apa." Chala chawo chinatsata mzere wina umene unadula mizere ya pansi pake mopingasa. "Apa ngakhale m'mphepete mwa nyanja munatukuka, madzi n'kuseula zimene zinali zitaunjikana kale. Zaka zosawerengeka zikusowa pamenepa. Kumtunda umboni unakokoloka wonse, phiri limene linagumuka simungalipezenso. Lili kuno."

Anatiuza kuti tiyang'ane m'galasi lawo lokulitsa zinthu. M'tizidutswa timene ine ndinatsuka ndi manja anga munali tizigoba ting'onoting'ono ngati ta nkhono. Anati timeneto ndi timene timawauza msinkhu wa dothilo, ndipo timchenga tina tonyezimira timaulula mapiri amene tinachokera.

Che Saidi anakanda pansi pa kachipewa kake. "Nanga matope akukwirira Chiuta aja, amayi, nawonso amabwera kuno?"

"Anuwo akasefukira amatsata Lugenda, kukathira mu Ruvuma, kumpoto uko. Nawonso ali ndi beseni lawo."

"Chisimu, zoonadi, Mulungu sataya kanthu," anatero Che Saidi.

Ine mtima wanga unali pena. Ndinafunsa, "Ndiye munda wanga uli pati pachipepalapa?"

Dona Lurdes anaika chikhadabo pamwamba penipeni pa chithunzicho. "Ngati unafika, uli apa. Mwina wambiri ukadali m'madambo a ku Shire, ukubwera. Koma zaka zonse zimene anthu akhala akulima, pachipepala pano sizikwana ndi kukhuthala kwa chikhadabochi." Ndinafunsa ngati tinatolako dothi la pamwambalo. Anapukusa mutu. "Iyayi. Poyamba kubowola, zapamwambazo zimangotayika pansi pa nyanja pompo. Eni chombo akufuna mchenga wakuya uwu, wa nthawi imene mtunda unatukuka, chifukwa m'mipata ya mchengawo ndi mmene gasi amabisala."

Ndinatuluka m'kachipindamo makutu akutentha. Anthu awoloka nyanja ndi makina oposa mudzi kukula kwake kudzafunsa za phiri limene linagumuka kulibe munthu woti n'kulira. Munda umene unagumuka ana anga akuona, palibe anaufunsa, ngakhale kwathu komwe. Sindinawakwiyire Dona Lurdes. Iwo anandiuza zoona, ndipo anali munthu yekhayo pachombo chonse amene ankandipatsa moni wa dzina langa. Koma kuyambira tsikulo, kathumba kalikonse kamene ndinkamanga ndinkakamanga ndikukukuta mano.

Patapita masabata angapo tinayandikira mchenga ankaufunawo. Pachombo panali piringupiringu. Mabwana ankabwera pamasefa kudzanunkhiza timiyala, ndipo anatiuza kuti tizitapa pafupipafupi, osaphonya ngakhale kamodzi. Pofika nthawiyo ine ndinali nditaidziwa ntchito moti ndinkatha kuona ndekha kuti mwala wasintha akatswiri asanayang'ane. Mawamawa ankandisisita paphewa pamaso pa azungu, kunyadira ngati ndine ng'ombe yake. Dona Lurdes anapita kutchuthi chawo cha mwezi mkati mwa piringupiringuyo.

Tsiku limene anabwerera, anandipeza pamasefa m'mawa ndikutsuka. Anadabwa kundiona.

"Mwabwerako kale? Nanga za mwana zija zinatha bwanji?"

"Mwana uti, amayi?"

Nkhope yawo inasintha. Anandikokera pambali, kutali ndi phokoso, n'kundiuza. Kutatsala masiku awiri kuti apite kutchuthi, Mawamawa anawabweretsera uthenga wa pafoni umene ofesi ya padoko inatumiza. Unali m'Chichewa, ndiye anafuna womumasulira. Unali wochokera kwa mkazi wanga. Dona Lurdes anali akuukumbukira pafupifupi liwu ndi liwu: "Auzeni abambo a Lusiya abwere msanga kapena aimbe. Achimwene akufuna kumupereka Lusiya kwa wogulitsa chimanga wa pa Balaka. Ine ndekha mawu anga sakumveka." Mawamawa anawalonjeza kuti andikweza boti lotsatira.

Mwezi wathunthu ndi masiku. Maboti anabwera n'kupita kangati m'masiku amenewo, ine ndikutsuka miyala, ndikudya nkhuku.

Mawamawa ndinamupeza ataima pafupi ndi nsanja, akumwa khofi m'kapu ya pepala. Che Saidi anali pambuyo panga, ndipo ndiye ankamasulira. Ndinafunsa za uthengawo. Mawamawa sanakane n'komwe. Anati ntchito inali pofunika, ndipo sakanapeza munthu wina wodziwa masefa m'masiku awiri. Anati akanandiuza tikamaliza dzenje. Kenako ananena mawu amene Che Saidi anakana kumasulira. Ndinamugwira malaya Che Saidi kuti anene. Anayang'ana pansi. "Akuti mtsikana kukwatiwa si maliro. Akuti mwachepetsa pakamwa pamodzi."

Pafupi panali sipanala yaitali ngati mkono. Momwe inafikira m'manja mwanga sindikudziwa. Chimene ndikukumbukira ndi manja a Che Saidi atandizinga m'chiuno, manja okoka makoka aja, akundinong'oneza kukhutu. "Achimwene, iyayi. Mukamumenya mufera m'ndende ya kuno, Lusiya sadzakuonaninso. Tayani, achimwene. Tayani." Sipanala inagwa. Koma moto unali usanazime. Ndinabwerera pamasefa, ndinanyamula kreti ya timatumba tonse ta m'mawa umenewo, ta mchenga ankaulirira uja, n'kukaikhuthula m'nyanja onse akuona.

Dona Lurdes anaima n'kumayang'ana madzi. Ndikudziwa kuti ndinawononga ntchito yawo, osati ya Mawamawa, chifukwa mwala ukaphwanyidwa n'kutayika sungautolenso kachiwiri pakuya pomwepo. Sanandikalipire. Anangoti, "Ndikanabwera kudzakuuzani ndekha tsiku lomwelo. Ndinamukhulupirira." Madzulo a tsikulo anandikweza boti la katundu. Che Saidi anatsala. Anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti ali ndi ana asanu ku Chiuta, sangachoke. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Sitinaonanenso mpaka lero, ndipo ndikakumana ndi ogulitsa nsomba a kumeneko ndimafunsabe.

Kunyumba ndinafika masana. Mkazi wanga anali pakhonde akusankha nyemba zofumbwa. Anali atawonda moti ndinamuzindikira ndi chitenje. Sanaimirire, sanalire. Anati, "Mwabwera?" ngati ndachokera kudimba. Anyamata awiri aja anali moyo, ndipo ndinaona kuti masaya awo si a ana ogona ndi njala. Sindinafunse chimene ankadya. Ndinadziwa.

"Ndinatumiza uthenga katatu," anatero mkazi wanga. "Ndalama zimene munkatumiza zinkafika, koma pamsika chimanga chinkakwera tsiku ndi tsiku, sizinkakwana. Wamng'onoyu anatupa miyendo. Achimwene anati tisankhe."

Ndinapita kwa a Bizweki. Ndinawapeza akupakira makala panjinga. Mitengo yonse imene inatsala m'mphepete mwa mtsinje anali ataigwetsa, ndipo chigwembe chija chinali chitadya mpaka pafupi ndi manda. Ndinawafunsa kuti kuyang'anira mbumba ankanena kuja n'kumeneku? Sanachite manyazi. "Alamu, musandikwezere mawu pamudzi pano. Inu munali kuti? Ine ndinaika maliro a ana anayi m'mudzi muno mwezi umodzi. Ana a mlongo wanga onse atatu ali moyo. Mukufuna mundiuze chiyani?" Ndinawatchula mayina amene sindingawabwereze pano. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera, koma palibe anaima mbali yanga. Ena a iwo anali atachita zomwezo ndi ana awo.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi kupita ku Balaka. Nyumba ya wamalondayo inali ya njerwa zootcha, yokhala ndi mpanda, kuseri kwa msika. Mwini wake, bambo wamkulu kuposa ine, wa akazi awiri kale, anali atapita kukapikula chimanga kumalire. Ndinaodira pageti nditakonzeka kuthyola chitseko, kupita kupolisi, kwa ansembe, kulikonse.

Anatsegula ndi Lusiya. Anali atavala chitenje chatsopano ndi duku ngati mayi wamkulu. Anagwada n'kundipatsa moni, maso ali pansi.

"Tenga katundu wako," ndinatero. "Tikupita kunyumba. Lolemba ukubwerera kusukulu."

"Mayeso analemba kale, ababa."

"Udzalemba chaka chamawa. Dzuka."

Sanadzuke. Anakweza maso n'kundiyang'ana, ndipo sanali maso a mwana amene ndinamusiya. "Ndinakudikirani. Amalume atanena koyamba ndinathawira kwa aphunzitsi masiku atatu. Ndinkauza aliyense kuti ababa akubwera, akamva abwera. Tsiku lililonse la sitima ndinkapita pamsewu."

Ndinayamba kufotokoza za chombo, za kapitawo, za uthenga umene anaubisa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, mwaulemu, ngati mmene munthu amamvetsera mlendo.

"Ndamva, ababa. Koma ndikachoka pano lero, kunyumba mukadya chiyani? Ntchito ija mukadali nayo?"

Ntchito ndinali nditaitaya m'nyanja ndi manja anga.

"Ndiponso," anatero motsitsa mawu, "sindili ndekha. Ndili ndi pakati."

Ndinkafuna kukuwa, kuphwanya mawindo a nyumbayo, koma woti ndimukuwire panalibe, panali mwana wanga yekha atagwada pafumbi. Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Ndinkayesa wasintha maganizo, akukatenga zovala. Anatuluka ndi kathumba ka ufa, atakamanga bwino ndi luzi, n'kukaika pamapazi panga.

"Mukawapatse amayi. Mupite msanga asanabwere, sakonda kuti ndizipereka iwo kulibe."

Ndinakayang'ana kathumbako nthawi yaitali. Ndinaganiza zokaponda, kukang'amba, kumwaza ufawo pageti pa munthu ameneyo kuti akabwera aone. Kenako ndinakumbukira miyendo ya wamng'ono uja. Ndinawerama, ndinakanyamula, n'kukaika paphewa. Lusiya anatseka geti ine ndisanatembenuke.